Imvi za Amake Mavis pa Mbedza

Kwathu ndi ku Ntcheu, kumtunda, kumene nsomba timaidziwa itauma kale pamsika wa Lizulu. Koma kuno ku Joni ukangonena kuti ndiwe Mmalawi amakuyesa msodzi, ndipo ine Alufandika sindikonda kukhumudwitsa anthu. Choncho tsiku limene Oupa, mdala wachizungu amene ndimamusamalira maluwa ku Edenvale, anandifunsa ngati ndimadziwa za nsomba, ndinamuyankha kuti ndinakulira m'bwato.

Oupa sawedza ndi nyongolotsi. Amatenga kambedza, n'kukakulunga ulusi mopyapyala, kenaka n'kuzunguliza nthenga yofewa ya nkhwali pafupi ndi diso la mbedzayo. Kakalowa m'madzi, tinthenga tija timatakataka ngati miyendo ya kachilombo komira, ndipo nsomba zachikasu za mumtsinje wa Vaal zimangomeza. Iye amakatcha fulayi. Manja ake atayamba kunjenjemera anandiphunzitsa kumanga, ndipo ntchitoyo inandilowa m'magazi kuposa mwini wake.

Nthenga za nkhwali zinali za Oupa ndipo ankazitsekera m'kabati. Ine kuchipinda chathu chakuseri kwa nyumba ku Primrose ndinkamanga ndi chilichonse chimene ndakumana nacho. Mbedza ndinkaipana ndi pulayala yomangidwa mphira. Nthenga za njiwa ndinkatola pansi pa denga, za nkhanga kumpanda wa bwalo la gofu, ndipo kamsoti ka a Sidik, oyandikana nafe chipinda, kanayamba kuthawa kakangondiona. Waya wamkuwa ndinkasenda m'machaja akufa. Galu wa Oupa naye ankapereka ubweya osafunsidwa. Mafulayi ndinamanga ambiri, okongola ndithu. Oupa anapita nane ku Vaal kangapo, ndipo zimene ndinakola kumeneko ndi bango, kolala ya shati langa, ndi chipewa cha Oupa yemweyo.

Nthawi imeneyo banja lathu linali litazizira. Mkazi wanga Ndaziona, amake Mavis, amagwira ntchito ya m'nyumba ku Alberton, ndipo madamu awo ankawanyengerera kuti azigonera konko.

"Bambo a Mavis, madamu akuti chipinda chilipo," anandiuza tsiku lina. "Akuti ndiganize."

"Mm," ndinatero, ulusi uli m'kamwa.

Si kuti sindinamve. Ndinamva, ndipo ndinachita mantha kwambiri. Mabanja a chonchi ndawaona: poyamba mkazi amabwera Lamlungu lililonse, kenaka pakutha pa mwezi, kenaka mumangopatsana moni pafoni. Koma lilime langa, lomwe linatha kundikuzira m'bwato, pankhani iyi linalemera. Ndinaweramira mbedza yanga.

M'mawa wina ndinaona chipeso chawo pawindo. M'tsitsi lotsalira pamenepo munali imvi zingapo, zikunyezimira padzuwa. Mwamuna wanzeru akanaganiza za zaka zimene mayiyu wapirira naye. Ine ndinaona thupi la fulayi. Ndinapota tsitsilo pambedza, ndinasolola ulusi wofiira m'mphepete mwa chitenje chawo cha pachinkhoswe chathu, ndinazunguliza nthenga ya njiwa, n'kumata kamutu kake ndi kyutekisi yawo yomwe. Inatuluka yokongola kuposa onse. Ndinamanga ena angapo, ndipo pochita manyazi ndinawabisa m'kachitini ka mafuta odzola pansi pa matiresi, pamodzi ndi tsitsi lotsala.

Kachitiniko anakapeza ndi mayi Ayesha, akazi a Sidik, tsiku limene ankathandiza amake Mavis kutulutsa matiresi padzuwa. Tsitsi la mkazi, ulusi wa chitenje cha ukwati, nthenga, mbedza, zonse pansi pogona. Dzuwa lisanalowe yadi yonse inali itadziwa kuti Alufandika wapita kwa sing'anga kukamanga mkazi wake ndi kondaine. Amene sanadziwe ndinali ine ndekha.

Chimene ndinaona n'chakuti amake Mavis asintha. Madzi osamba ndinayamba kuwapeza otentha. Anayambanso kunditchula ndi mfunda wanga, a Jere, monga ankachitira tili pachibwenzi. Nkhani ya ku Alberton inazilala. Madzulo ankakhala pafupi nane, n'kumandiyang'ana cham'mbali akumwetulira. Ine ndinati, basi, mayiwa akumbukira kuti anakwatiwa ndi munthu. Ndinagula ngakhale mafuta onunkhira. Mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

Amalondawo anafika Lamlungu masana, titaweruka kutchalitchi. Amuna a payadi tinali pansi pa mtengo wa pichesi tikusewera bawo, amayi ali pampopi chapafupi, amake Mavis ali pakati pawo.

"Achimwene, tigawireni nambala ya sangoma wanu, sing'anga uja, neh?" anatero a Sidik akutsinzinira anzawo. "Muti wake, mankhwala aja, ndi woopsa. Koma mbedza ija ndi ya chiyani, kuti mlamu asapulumuke?"

Onse anagwa nacho chiseko. Nditamvetsa chimene akunena, mutu unatentha. Ine, woimba besi mukwaya, kundiyesa woyenda m'masing'anga! Pamenepa panangofunika kuseka nawo n'kuponya nkhomo. Koma ine ndinathamangira m'nyumba, n'kutuluka ndi kachitini, pulayala ndi nthenga, ndipo ndinatsegula sukulu pansi pa pichesi.

"Taonani, anthu osayenda inu," ndinatero. "Iyi ndi fulayi. Ndi nyambo ya nsomba, finishi. Palibe muti apa."

Ndinamanga imodzi onse akuona, zala zikuthamanga monga Oupa sanazionepo. Ndinafotokoza chifukwa chake nthenga iyenera kukhala yofewa, ndi chifukwa chake umaizunguliza pang'ono chabe kuti ipume m'madzi. Ndinaiviika m'kapu kuti aone mmene imatakatakira. Ndinkamva kukoma kwa mawu anga omwe, ndipo sindinathe kuima.

"Chinsinsi chake ndi imvi," ndinatero. "Zimanyezimira m'madzi kuposa waya wogula. Ndipo amake Mavis ali nazo zambiri kunkhongoku, eni ake sadziwa n'komwe."

Pampopi madzi okha ndi amene ankamveka akusefukira m'ndowa.

"Eish," anatero a Sidik chapansipansi. Kenaka, pofuna kundipulumutsa, anafunsa, "Ndiye mwaphapo zingati, achimwene?"

"Sizinayambe kudya," ndinayankha.

Palibe anaseka. Nditacheuka, amake Mavis anali atalowa kale m'nyumba.

Ndinawapeza atatsitsa chikwama chachikulu chamizeremizere pamwamba pa wodiropu, akupinda zovala. Sanakwiye, ndipo chimenecho n'chimene chinandiopsa.

"Tsiku limene mayi Ayesha anandionetsa kachitini kaja ndinadziwa kuti ndi tchimo," anatero osandiyang'ana. "Ndinakupempherani kuti Mulungu akukhululukireni. Koma mumtima ndinakondwa, bambo a Mavis. Ndinati, bambowa pakamwa m'polemera, koma taonani, ayenda mpaka kwa sing'anga kuti ine ndisachoke. Ndinawauza madamu kuti adikire." Anapinda bulauzi, n'kuisalaza ndi dzanja. "Kani inu mumafuna nsomba."

Ndinaima pakhomo, pulayala ili m'manja. Ndinamva chisoni chimene sindinachimvepo, pamodzi ndi manyazi. Ndinafufuza m'mutu monse mawu oyenera, ndipo amene anatuluka ndi awa:

"Amake Mavis, mwina muli kamankhwala pang'ono ndithu."

Anaseka. Anaseka mpaka anakhala pabedi, misozi ikutsika, ndipo kwa kamphindi ndinayesa kuti ndapambana. Atapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje, anatenga siketi ina n'kupitiriza kupinda.

"Mawa mundinyamulire chikwamachi mpaka parenki ya matakisi," anatero. "Chikulemera."

M'mawa mwake ndinachinyamula. Ndinachikweza m'takisi, ndinawapezera malo a pawindo, ndinawakumbutsanso kuti asaiwale chaja. Mawu oti musapite ndinawapeza takisi itakhota kale.