Dengu la Mafoni

Telala anasiya kupalasa makina atamva mwana wake wamkazi akulira kuseri kwa nsalu zopachika. Mtsikanayo anali wa zaka khumi ndi ziwiri, ndipo anali atagwira foni yakale ya bambo ake.

"Anandijambula, amayi. Aliyense akundiseka."

M'mawa umenewo kumadrasa mwanayo anaiwala sura ya m'buku lopatulika pamaso pa anthu, nachita chibwibwi mpaka misozi. Msuweni wake anajambula zonse n'kuziponya pa gulu la amayi a kumzikiti, pa foni ya mayi ake. Mayi akewo, mlamu wake wa telala, m'malo modzudzula mwana anaikapo tinkhope titatu toseka.

Telala anapsa mtima. Mlamu yemweyu, amene ankaswera pa benchi la m'shopumo n'kumadya anthu miseche ngati alibe kwawo! Ndiye m'foni ya telala munali uthenga wa mawu wa mwezi watha, mlamuyo akunyoza akazi a Shehe kuti amavala ngati thumba la makala.

"Lero aona polekera," anatero telala. "Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe."

Pa shelefu, pafupi ndi maulusi, panali kadengu. Lamulo lake analiika yekha telala: adhana yoitanira anthu ku mapemphero ikamveka, mafoni onse m'dengu, mtima ukapsa, foni m'dengu, munthu akatawaze kaye ndi madzi ngati akukaswali. Ankakonda kuuza mwana wake kuti wamphamvu si wogwetsa anzake, koma wogwira mtima wake. Mwanayo analirirapo kambirimbiri lamulo limeneli, koma ankalitsata.

Mtsikana uja anapukuta misozi, natsitsa dengu.

"Amayi, m'dengu."

"Wasanduka Shehe tsopano? Wonyozedwa ndiwe, ukudziwa?"

"Munanena nokha."

Telala anaponyamo foni, napita pa mpope kuseri. Anasamba m'manja, anachukucha m'kamwa, anasamba kumaso, mikono, mpaka mapazi. Madzi anali ozizira bwino, koma iye nthawi yonseyo ankangosankha mawu oti alembe pamwamba pa uthengawo.

Anabwerera nkhope ikudontha madzi, natola foni.

"Ndatawaza. Lamulo ndalikwaniritsa."

Analemba kuti, "Popeza lero tikuseka, tiyeni tisekere limodzi," natumiza pa gulu lija pamodzi ndi uthenga wa mawu wa mlamu uja.

Amayi a pa gulu anamvetsera uthengawo. Kenako akazi a Shehe anafunsa ngati mawuwo anali a amene iwo ankamuganizira. Pasanathe mphindi zisanu mlamu anatuluka pa gulu. Tisaname, telala anamva kukoma. Anakhala pa makina n'kumaliza mpendero wa diresi akuimba chapansipansi.

Adhana ya masana itamveka, anaika foni yake m'dengu, nalilozetsa kwa mwana. Mtsikanayo anali pa benchi, zala zikuthamanga, kumaso kukunyezimira madzi.

"Foni m'dengu, mwanawe."

"Dikirani, amayi. Ndili ndi chithunzi cha msuweni, cha tsiku lija anadzikodzera pamphasa. Ndikutumiza ku kalasi lathu lonse."

"Usayerekeze. Allah akukuona."

"Ndatawaza kale," anayankha mwanayo osadzutsa mutu, nadina.

Telala anayang'ana nkhope yonyowa ya mwana wake. Anangoima pakati pa shopu, dengu lili m'manja, muli foni imodzi yokha.