Tambala pa Njanji ya a Ambrosi

Kwa miyezi isanu ndi iwiri a Ambrosi ankamanga njanji pa chitseko chakale chomwe anachigoneka pakhonde pawo ku Bangwe. Ankagwira ntchito yokonza mabuleki ku shedi ya sitima ku Limbe, ndipo akaweruka ankaumba siteshoni yaing'ono ya kwawo kuchigwa, komwe sitima inkaima kawiri pa sabata. Njanji anapanga ndi waya, mabogi anadula ku zitini za mkaka, mapiri anaumba ndi dothi la pachulu. Injini inkayenda ndi sipuling'i ya wotchi yakufa.

Masiku amenewo munthu ankatha kutengedwa chifukwa cha mawu amodzi, osadzaonekanso. Mkazi wawo, a Zelipa, sankazikonda zapakhondezo.

"Lowetsani zimenezi m'nyumba, bambo. Anthu ayamba kunong'ona."

"Anong'one chiyani, mayi? Timitengo ta machesi?"

Loweruka masana kunafika a Onesimo, wapampando wa nthambi ya chipani, ndi amuna awiri ovala malaya ofiira. Ankayendera makadi a chipani. A Zelipa anatulutsa awo, ndipo anali abwinobwino. Alendowo akutembenuka kuti azipita, a Onesimo anaima.

"Ndiye sitima ikutchukayi ndi imeneyi? Tayendetsani tione, a injiniya!"

A Ambrosi anasangalala. M'mawa womwewo anali atamaliza kuumba tianthu, timbuzi ndi nkhuku za pasiteshoni. Kwawo nkhuku zinkatolatola chimanga chotayika pakati pa njanji, choncho tambala anamuimika pomwepo. Utoto womwe unatsala unali wa injini, wakuda, ndipo anapaka womwewo osaganiza kanthu.

Anapotokola kiyi. Sitima inanyamuka, inawoloka mlatho, inakhota kuseri kwa phiri. Amuna aja anaseka, mmodzi mpaka kuomba m'manja. Itafika pasiteshoni inagunda tambala uja. Mutu unathyoka n'kugubuduka mpaka pa nsapato ya a Onesimo.

Kuseka kunatha. Tambala wakuda ndiye anali chizindikiro cha chipani.

"Ndi nkhuku chabe, a tcheya," anatero a Ambrosi. "Kwathu nkhuku zimachita choncho."

"Zimagundidwa?"

"Ayi, zimathawa. Ndinangoiwala kumuchotsa."

"Nanga bwanji wakuda?"

"Utoto wina unanditha."

A Onesimo anawerama, anatola mutu uja ndi thupi lake, nazikulunga bwinobwino m'kampango. Anayang'ana amuna awiri aja.

"Mwaona nonse?"

"Taona, a tcheya."

"Miyezi ingati mwakonza zimenezi, a Ambrosi?"

"Isanu ndi iwiri."

"Ndiye mwaziganizira mofatsa." Anaika kampango m'thumba la malaya. "Lolemba musapite ku shedi. Mudikire pano, kubwera galimoto."

Atachoka, mayi wa nyumba yoyandikana nayo anaanula zovala zake zisanaume n'kutseka chitseko. A Zelipa analowa kukhitchini ndipo anatuluka ndi nkhwangwa.

"Sunthani, ndiswe. Ndikoleze moto zonsezi."

A Ambrosi anawagwira mkono.

"Akadzapeza palibe, adzati tabisa umboni. Adzakutengani ndi inu."

A Zelipa anatsitsa nkhwangwa ija. Kenako anaitsamiritsa kukhoma, nalowa kuchipinda. A Ambrosi anamva sutikesi ikukokedwa pansi pa bedi.

"Jekete lochindikala lija," anafunsa a Zelipa ali mkati, "munaliika kuti?"