Madontho 600 a asisi

Asisi anga ali chaka chomaliza ku yunivesite, akulemba kafukufuku wa mapulogalamu a pakompyuta. Anthu a mumsewu wathu amaganiza kuti amakonza zinthu zowonongeka, mpaka mayi wa nyumba yapakona anabwera ndi foni yosweka galasi. Ine ndimangowasiya, koma zoona zake ndi izi. Pulogalamu iliyonse imabwereka tizidutswa kwa inzake, inzakeyo inabwerekanso kwina, mzere wake osatha. Ndiye mwini wake amayenera kulemba chilolezo, asisi amati laisensi, chonena kuti tengani mwaulere, kapena tengani koma muchite zakutizakuti. Asisi anajambula kubwerekana konseku ngati ukonde wa kangaude, mapulogalamu 4,000, iliyonse dontho lake. Lobiriwira ndi lololedwa, lofiira ndi la mavuto.

Lolemba anachokera kwa a Magalasi, aphunzitsi oyang'anira kafukufukuyu. Dzinali ndinawapatsa ndine, chifukwa amavala awiri, ena pamphuno ena pamutu. Asisi analowa, kuponya chikwama pabedi, n'kukhala pansi penipeni atatsamira chitseko. Ndinayesa ndi nkhani ya chibwenzi, ndinasendera msanga. Ayi ndithu. Anati panali mapulogalamu 600 amene sanawaonere laisensi, ndipo onsewo anawapaka zobiriwira.

"Ndinkati munthu akakhala chete ndiye kuti walola," anatero.

"Nanga si choncho?"

"Kumeneku chete ndi kukana. Chaka chonse ndakhala ndikuwerenga mozondoka."

Pepala la kafukufukuyu linkafunika Lachisanu 12 koloko masana. Akaphonya, komiti yoona mapepalawa imakhalanso chaka chamawa. Amayi anali atauza kale anzawo onse a kuntchito kuti mwana akumaliza, ndipo ine, kunena zoona, ndinali nditauza anthu ambiri kuposa amayi.

Ndiye tinayamba. Ndikaweruka kusukulu ndinkakhala pa situlu ndi mapepala a mayina, osavula ndi yunifolomu yomwe. Ine kutchula dzina, asisi kutsegula, kufufuza, ine kuchonga. Vuto linali lakuti eni ake ena analemba chilolezo ndithu, koma anachibisa pamwamba pa fayilo ina yake mkatikati, ngati munthu woika makiyi mu sokosi. Ndiye sungangoyang'ana pakhomo, uyenera kulowa chipinda chilichonse. Thebulo lathu lili ndi mwendo waufupi, tinapinda katoni n'kuikapo, koma linkagwederabe asisi akamalemba.

Nkhani zinalimo, musaone. Pulogalamu ina eni ake anali awiri ndipo anakangana poyera, wina kulemba kuti mnzakeyo ndi waulesi, mnzakeyo kuyankha ndime zisanu. Ndinapempha kuti tiwerenge kaye timve amene anayamba.

"Iwe, dzina lotsatira."

Lachitatu tinapeza kapulogalamu kakang'ono kamene kamangowerenga masiku a pakalendala, basi. Kanalibe chilolezo, ndipo mwini wake anasiya kuyankha anthu zaka zisanu ndi ziwiri zapitazo. Asisi atakafiiritsa, madontho ena 300 amene amadalira kameneka anafiira nawo, mbali yonse ya ukonde ngati yatayikiridwa utoto. Anangoyang'ana. Kenako anapita kukasamba kumaso, anakhalitsa kubafa mpaka amayi anagogoda. Mutu wachisanu wa pepala lawo unkanena kuti pa mapulogalamu khumi, asanu ndi anayi alibe vuto. Tsopano sizinalinso choncho, ndipo mutu wonsewo unayenera kulembedwanso.

Lachisanu amayi anandilola kujomba. Pofika 10 koloko tinali titachonga 410. Maso anga ankaona mayina awiriawiri, msana ukupweteka, asisi mawu atasasa. Ndinawauza maganizo anga, kuti otsalawo tingowafiiritsa onse kamodzi, chifukwa ambiri akutuluka ofiira kale, ndipo a Magalasi ngakhale atavala magalasi onse awiri sangatsegule mapulogalamu 190.

Anakhala chete nthawi yaitali, moti ndinayesa avomera.

"Ndinalakwa poganizira anthu zimene sananene," anatero. "Ukufuna ndibwerezenso ndi utoto wina?"

Anawapaka zotuwa. Pansi pa chithunzicho analemba kuti mapulogalamu 190 sanafufuzidwe, ndipo anafotokozanso kuti poyamba anawerenga molakwika. Ine ndinati kumeneko ndi kudziulula wekha kwa aphunzitsi asanakufunse, kusukulu kwathu palibe amachita zimenezo. Anatumiza kutatsala mphindi khumi ndi zinayi.

Yankho linafika tikudya masana, mizere iwiri yokha. A Magalasi anati alandira ndipo pepala lipita ku komiti, koma otuwawo akhale atatha pasanathe milungu iwiri. Amayi anafunsa ngati ndiye kuti mwana wakhoza. Asisi anati sakudziwa, ndiye kuti sanalephere lero. Anakankha mbale, n'kugoneka mutu pamkono pathebulo pomwepo.

Ine ndinatola mapepala a mayina, ndinapeza pamene tinalekezera, nambala 411, n'kupinda kakona kake. Madzulo mayi wa pakona anandiimitsa pageti kufunsa ngati asisi amaliza kukonza foni ija. Ndinangoti akugona. Ndinalibe mphamvu yoti ndiyambire pachiyambi kufotokoza zimene asisi amachita.