Dokotala Zeka, Nambala Naini

Anthu khumi ndi atatu, onse kufuna mpando umodzi. Dzina la chipanicho tisiye. Konivenshoni yosankha woimira chipani pa upulezidenti inali ikadali miyezi isanu kutsogolo, koma aliyense anali atasoketsa kale suti, atajambulitsa kale chithunzi atagwira chibwano ngati dzino likumuwawa. Ndiye bungwe lina la kafukufuku linati tiyeni tikafunse anthu kumidzi kuti mwa khumi ndi atatuwa akudziwapo ndani, ndipo angakonde ndani.

Umu ndi mmene Rejoice, mtsikana wa ku Zomba, anapezekera ku Nsambe pa njinga yamoto, fumbi mpaka m'nsidze, tabuleti m'chikwama. Lamulo la ntchito yake linali loti aziwerenga nyumba, ikafika yachisanu alowe. Yachisanu tsiku limenelo inali ya a Enelesi.

A Enelesi anali ndi ana awiri. Stelia ndi amene ankakhala nawo, kuwaphikira, kuwaperekeza kuchipatala miyendo ikatupa. Winayo ndi Ezekiele, amene anapita kunja kukaphunzira zaka khumi ndi zinayi zapitazo. Mayiwo ankadziwa kuti mwana wawo akadali komweko, kutsidya la nyanja, mapepala ake sanalongosoke, ndipo akangoyerekeza kutuluka sadzamulolanso kubwerera. Ankamupempherera Sabata lililonse kuti mapepalawo atheke iwo asanatseke maso.

Nkhani ya mapepalayo anaipeka ndi Stelia. Zoona zake n'zakuti Ezekiele anabwerera zaka zinayi zapitazo, ali ku Lilongwe. Dzina analidula mutu ndi mchira, n'kuwonjezera lina lachizungu kutsogolo, panopa ndi Dokotala Clifford Zeka. Pa wailesi amati anakulira ku Blantyre. Stelia akamuimbira foni, yankho linali limodzi: ndili pa msonkhano, ndibwera zinthu zikakhazikika. Chaka choyamba Stelia ananama poganiza kuti ndi za mwezi umodzi. Kenako bodza linakula, mudzi wonse unalowamo. Ngakhale abusa ankati akafika pakhomopo amafunsa kuti, za mapepala zija pali chatsopano? Wailesi ya m'nyumbamo Stelia anaichotsa mabatire n'kunena kuti yapsa.

Rejoice anawapeza pakhonde akusankha mbatatesi zambewu. Analonjera mwaulemu, anafotokoza za ntchito yake, n'kufunsa mayina a akuluakulu a pakhomopo. Anati woyankha sasankha ndi iye, imasankha ndi tabuleti. Tabuletiyo, mwano wake, inasankha a Enelesi.

Stelia anayesa kutchinga. Anati amayi atopa, ndale sazitsata, komanso makutu anayamba kuvuta.

"Akuvuta makutu ndani?" anatero a Enelesi. "Iwe ukanong'ona ndi anzako kuseri kwa bafa ndimamva zonse. Funsa, mwana wanga. Chibadwire sanandifunsepo munthu wa boma."

Rejoice anati si wa boma. A Enelesi anati aliyense wobwera ndi nsapato zotseka ndi wa boma.

Mafunso oyamba anali osavuta. Zaka zawo, anati awerengere kuyambira chaka cha dzombe. Vuto lalikulu m'dera lawo, anati msewu, ndipo anauza Rejoice kuti adziyang'ane yekha pagalasi ngati akufuna umboni. Kenako anafika pa mayina. Rejoice ankatchula dzina, iwo azinena ngati anamumvapo munthuyo. Za woyamba a Enelesi anati anamumva, ndi uja amalankhula ngati wameza mbatata yamoto. Wachiwiri ayi. Za wachitatu anafunsa ngati sanamwalire. Stelia anali atasiya kusankha mbatatesi, akuwerenga chamumtima. Nambala seveni. Nambala eyiti.

"Dokotala Clifford Zeka."

"Wa chipatala chiti?"

Rejoice anaseka, anati si dokotala wa jakisoni, ndi wa mabuku. A Enelesi anati ameneyo sakumudziwa, apitirize. Stelia anapuma. Anadzuka n'kunena kuti akatenge madzi akumwa a mlendo, poti zoopsa zinali zitadutsa.

Chimene sankadziwa n'chakuti fomuyo inali ndi gawo lachiwiri. Anthu a kafukufuku anaona kuti kumudzi ambiri dzina saligwira koma nkhope amaisunga, ndiye mayina akatha amaonetsa zithunzi. Pamene Stelia ankatuluka ndi kapu, anapeza tabuleti ili pamiyendo pa amayi ake, Rejoice atagwada pambali akusuntha nkhope ndi chala. A Enelesi ankapereka ndemanga pa aliyense. Uyu wanenepa udyo. Uyu tsitsi wapaka kiwi. Uyu akumwetulira ngati wabisa kanthu kumbuyo.

Pa nambala naini ndemanga sinabwere.

Anaiyandikitsa tabuletiyo kumaso. Anapempha kuti chithunzicho achikulitse, ndipo Rejoice anatambasula ndi zala ziwiri mpaka nkhope inadzaza galasi lonse. Magalasi a m'maso, ndevu zometedwa bwino, imvi pang'ono m'mbali. Pamwamba pa diso lamanzere panali kachipsera kopingasa, kamene ojambula anayesa kukafufuta koma kanakana.

"Anagwa mu mtengo wa pichesi uwo," anatero a Enelesi, osaloza n'komwe. "Ndinamubereka kumbuyo mpaka kuchipatala, magazi ali chuchuchu pabulauzi. Stelia, taona achimwene ako. Akalamba."

Kapu inali ikadali m'manja mwa Stelia. Anayesa kunena kuti anthu amafanana.

Rejoice sanamvetse msanga. Anaganiza kuti ndi nthabwala za agogo, ndiye anati ameneyo ndi Dokotala Zeka uja anati sakumudziwa. A Enelesi analibwereza dzinalo kawiri, pang'onopang'ono, ngati akulawa ndiwo za eni ake. Kenako anafunsa ngati munthu angapikisane nawo ali kunja, mapepala asanatheke. Apa Rejoice anayang'ana Stelia, Stelia anayang'ana pansi. Mtsikanayo anaphunzitsidwa kuti asamauze woyankha chilichonse chokhudza opikisanawo, koma sanaphunzitsidwe chochita mayi akamufunsa za mwana wake. Anayankha motsitsa kuti onse khumi ndi atatuwo ali m'dziko momwe muno. A Enelesi anafunsa kuti uyuyu ali kuti. Anati ku Lilongwe. Chiyambire liti? Rejoice anati sakudziwa bwino, koma iye anayamba kumuona pa TV ali chaka chachiwiri ku koleji, ndipo anamaliza chaka chatha.

 Nkhuku inabwera kudzajompha mbatatesi, palibe anaiingitsa.

Rejoice anapepesa, anati akhoza kulekera pomwepo, palibe chokakamiza. A Enelesi anakana, anati ntchito ya mwana wa eni ake isaonongeke, afunse lotsala. Lotsalalo linali lija lalikulu: chisankho chitakhala lero, mwa anthu awa angasankhe ndani?

Anaika chala pa chipsera chija. Anati alembe ameneyu. Ndipo alembenso kuti wasankha ndi Enelesi wa ku Nsambe, mayi ake, miyendo ikutupa koma maso akuona. Rejoice anafotokoza kuti mayankho ndi achinsinsi, dzina la woyankha silipita kulikonse. Zonse zimakaphatikizidwa, zimatuluka ngati maperesenti basi.

"Ndiye iyeyo akadziwa bwanji kuti ndine?"

"Sakadziwa, agogo."

"Olo pang'ono?"

Rejoice anapukusa mutu. Anadina nambala naini, tabuleti inalemba kuti zikomo potenga nawo mbali, nkhope ija n'kuzimiririka. A Enelesi anafunsa ngati angawasiyire chithunzicho, iye anati fomu ikatsekedwa sitsegukanso. Anatsanzika mwamsanga, madzi aja osamwa, n'kupita kukawerenga nyumba zina zisanu.

Stelia anakhala pansi pafupi ndi dengu, kudikira kukalipiridwa. Anali atakonzeka kuti amutchule wabodza, amufunse kuti abusa nawonso ankadziwa kodi, amufunse za wailesi. Akanakonda zimenezo. Koma amayi ake anangotola mbatatesi imodzi, kuitembenuza, kuiika kumbali ya zambewu, kutola ina.

"Stelia."

"Wawa, amayi."

"Ku Lilongweko, munthu wa galimoto yakeyake amayenda masiku angati kuti afike kuno?"

"Ndi tsiku limodzi, amayi. Akanyamuka m'mawa, dzuwa likamapendeka ali pano."

"Ngakhale ndi msewu wathuwu?"

"Ngakhale ndi msewu wathuwu."

A Enelesi anagwedeza mutu. Mbatatesi imene inali m'manja mwawo inali yowola mbali imodzi, koma anaiika pamodzi ndi zambewu, ndipo Stelia sanaichotse.