Oilo wopserera m'galimoto ya a Boadu

Tsiku limene achemwali anga a Afrakoma anagwa m'bafa, galimoto ya amuna awo inakana kuyenda. Inali ya otomatiki, yakale, ndipo inali itayamba kumachedwa kulowa giya m'mawa. Tsikulo injini inalira bwinobwino, alamu anga a Boadu anakoka giya n'kuponda moto, koma galimoto inangobangula ili pomwepo. Odwalawo tinawanyamulira pa takisi, ndipo anatsirizikira panjira. Adokotala anati mtsempha unaphulika m'mutu, ngakhale tikanafika msanga sizikanathandiza. Alamu anangogwedeza mutu.

Thupi linatsala kumochale, monga timachitira kuno ku Kumasi, mpaka abale agwirizane tsiku la maliro. Akwathu ankadzaza bwalo atavala zakuda, kukangana za bokosi ndi tsiku. Alamu sankalira, sankatsutsanso kanthu. Fufu akawapatsa ankadya, akapanda kuwapatsa sankafunsa.

Loweruka lina ndinawapeza atavundukula boneti. Munthu wake anali mphunzitsi, sipanala sankaidziwa, koma anali ataonera pafoni mmene ena amachitira. Analiza injini mpaka itatentha, anasolola kachitsulo koyezera oilo wa giyabokosi, n'kukapukutira pansalu yoyera.

“Twum, tanunkhiza,” anandiuza.

Oilo wake ankanunkha ngati mphika wopserera. Anati oiloyo amayenera kukhala wofiira, koma uyu anali bii, komanso wochepa. Tinakwera minibasi kupita ku Suame, kumsika wa zitsulo, kukagula sefa, mphira wotsekera ndi oilo watsopano. Wogulitsayo anawaseka kuti aphunzitsi akufuna kulanda ntchito amakanika. Ataona nsalu zathu zakuda anasiya.

Titabwerera tinakweza galimoto pajeke n'kuikhazika pazipika. Alamu analowa kunsi chagada, ine ndikuwapatsira zitsulo. Anamasula mabauti a chiwaya chapansi pa giyabokosi, oilo anatsikira m'beseni, wina n'kuwayenderera m'mkono mpaka kukhwapa. Sanadzipukute.

Azakhali athu a Dufie, amene ankatsogolera zokambiranazo, anabwera n'kuima pamapazi awo.

“Apongozi, anthu akukamba za mkazi wanu uko, inu muli kunsi kwa galimoto. Tiwauze kuti chiyani?”

“Auzeni kuti ndavomera.”

“Mwavomera chiyani, poti simunamve?”

“Zonse, mayi.”

Azakhali anandiyang'ana, n'kubwerera kumipando.

M'chiwayamo munali kamaginito. Alamu anakapaka chala, anati zikanakhala zibenthu zachitsulo ndiye kuti giyabokosi yatha, koma munali timatope chabe. Sefa yakale inali itatsekeka. Anaitembenuza m'manja nthawi yaitali. Ndinkaganiza kuti mwina apa alira, kapena aiponyera kukhoma. Anangoiika pansi bwinobwino, anamanga yatsopano, anatsuka chiwaya n'kumanganso mabauti. Mphira unapindika, oilo anadontha, tinamasulanso n'kuyambiranso. Palibe anadandaula.

Dzuwa litapendeka tinatsitsa galimoto. Anathira oilo pang'onopang'ono, akuyeza, kenaka anakhala pampando ataponda buleki n'kudutsitsa giya monsemo. Atafika pa giya yoyendera, galimoto inagwedezeka pang'ono n'kuyamba kukwawa. Anthu pabwalo anatembenukira kugalimotoko. Alamu anafika pageti, anaima, anabwerera chammbuyo n'kuiimika pamalo pake. Anakhalabe momwemo, manja pachiwongolero.

“Yatheka, alamu,” ndinatero.

“Eya. Inali sefa.”

Azakhali anabweranso, ulendo uno akulankhula motsitsa. Anati tsiku lapezeka, koma pafunika kukawadziwitsa abusa lero lomwe, ndipo azakhaliwo miyendo inali itatupa. Alamu anawatsegulira chitseko. Ine ndinakhala kumbuyo.

Galimoto inkasintha giya mosamveka n'komwe. Tinadutsa pamsika, tinadutsa ogulitsa nthochi zootcha. Titafika pamphambano alamu anaima, magalimoto akuimba mahutala kumbuyo kwathu.

“Paja tchalitchicho chili mbali iti?” anafunsa.

N'kumene anamangitsira ukwati wawo, ndipo ankapempherako Lamulungu lililonse. Azakhali anawalozera kumanzere, iwo n'kukhota.