Moto Pansi pa Chimwala

Inácia ankapalira kachewere kuseri kwa nyumba pamene anaona mitambo yakuda ikutsetsereka kuchokera ku Kalomwe. Anatembenukira kuphiri. Utsi unali kufukabe.

Phirilo linali la mwala wakuda, umene ana a sukulu ankati unatuluka pansi kalekale uli ngati phala lamoto. Mbali ya kumadzulo inali maenje okhaokha, oyambidwa ndi Apwitikizi, okuzidwa ndi aliyense wofuna maziko a nyumba. Mwala wabwino unatsala mbali imodzi, pamwamba penipeni pa nyumba ya Inácia. Kumeneko mwamuna wake Armindo anali atasonkha moto wa matayala pansi pa chimwala chachikulu kuyambira m'mawa. Mwala ukapsa, oswa miyala amauthira madzi pang'onopang'ono mbali imene akufuna ung'ambikire. Koma mvula sisankha mbali.

Inácia anaponya khasu pansi nakwera phirilo, mtima uli m'mwamba. Anapeza Armindo ali ndi Simão, mchimwene wake wa Inácia, akusonkhezera. Kuti moto ulowe bwino anali atakumba dothi la kumunsi, moti chimwalacho chinangokhala ngati dzira pa supuni.

Armindo anati mvulayo ndi ya ku Dedza, ingodutsa. Anatinso kamiyau, lole ya ku Ulongwe, ibwera mawa, ndipo singabwerere yopanda miyala.

"Alamu," anatero Simão akuseka, "munabwera kudzakwatira kapena kudzagwetsa phiri la eni ake?"

Inácia sanaseke nawo. "Bambo a Nádia, mwana wagona m'nyumbamo."

"Kuona maso a nkhono n'kudekha, mayi," anayankha Armindo.

"Nkhono imayenda ndi nyumba yake. Yangayo siyenda."

Dontho loyamba litagwa pamwalapo, linalira ngati mafuta m'chiwaya. Kuseka kwa Simão kunathera pomwepo. Amunawo anagwira makasu kuti akwirire moto ndi dothi, Inácia n'kuthamangira kumunsi, akuterereka m'miyala. Ananyamula Nádia ali m'tulo, namasula mbuzi, nakaima pakhonde la achemwali ake kutsidya kwa msewu.

Mvula inakhuthuka. Phiri linabisika m'nthunzi yoyera, ndipo amuna aja sankaonekanso. Kenako kunamveka kulira ngati kwa mfuti.

Mvula itakata, onse awiri anatsika ali matope okhaokha. Chimwala sichinagwe. Chinang'ambika pakati, theka lina litaweramira denga lawo. Armindo anati achichirikiza ndi mitengo, chikhoza kukhala choncho mpaka chilimwe.

Inácia anachiyang'ana nthawi yaitali. Kenako anapereka mwana kwa achemwali ake, nabwereka makwerero ndi nyundo kwa Simão. Anakwera padenga, nayamba kuzula misomali ya lata loyamba.

Armindo anaima pansi, manja ali m'chiuno. Lata litamasuka, anatambasula manja nalilandira.