Mpopi wa a Telala Wasiya Kudontha

A Dalaivala analowa pageti pa a Telala atanyamula sipanala, n'kupeza mnyamata wa yunifolomu atagwada pampopi wawo. Kunena zoona mpopiwo unali wa a Telala, mayi wamasiye woyandikana nawo nyumba. Koma chipumireni pantchito yoyendetsa basi, a Dalaivala ndi amene ankaukonza. Ankaukonza Lolemba, pofika Lachinayi wayambanso kudontha, iwo n'kubweranso. Akamaliza ankapatsidwa tiyi pakhonde, n'kumafotokoza za misewu imene anayendamo, a Telala akupalasa makina awo osokera. Akazi awo a Dalaivala anamwalira kalekale, ndipo mawu amene ankafuna kuuza a Telala ankangothera pakhosi. Mpopi ndiwo unkawalowetsa pagetipo.

Tsiku limeneli pabwalo panali ana a sekondale ngati nyerere. Ena ali padenga, ena akupala udzu, wina wazula chitseko cha kukhitchini. Mtsikana wamfupi wa mawu akuthwa, amene anzake ankamuitana kuti Wapampando, anawalonjera mwaulemu. Anati iwo ndi a kalabu yothandiza okalamba, ndipo azibwera Lachisanu lililonse akaweruka. Akulankhula choncho anawalanda sipanala ija ngati akulanda mpeni kwa khanda, n'kuwakhazika pampando.

"Agogo, inu pumulani. Mphamvu tili nazo ndife."

A Dalaivala anayesa kuchenjeza kuti mpopi umenewo ndi wovuta, umafuna munthu woudziwa mtima wake. Mnyamata uja anadzutsa mutu. Anati mpopiwo ulibe vuto, kungoti winawake wakhala akuumanga ndi mphira ya chubu ngati akumanga mwendo wa mbuzi. Anafunsa kuti kodi wochita zimenezi ndani. A Telala anaweramira pamakina, n'kuyankha kuti pakhomo pamadutsa anthu ambiri. Mapewa awo okha ndiwo ankagwedezeka.

Anawo sanali ongosewera ayi. Mpopi unasiya kudontha, pansi panauma gwa. Chitseko chinasiya kulira. Zenera limene a Dalaivala ankalitsekera ndi waya linayamba kutsekeka ndi chala chimodzi. Ngakhale mwendo wa tebulo, umene iwo ankausungira tsiku losowa chochita, unakhomedwa.

Sabata yotsatira a Dalaivala ankangozungulira ngati nkhuku yofuna kuikira. Amati akadutsa pageti n'kuima, kutchera khutu. Dontho ngakhale limodzi. Kulowa chimanjamanja ankaona ngati n'kuyenda osavala. Kenako mayi wogulitsa makala anawauza nkhani ina. Mwana wamkazi wa a Telala, amene amakhala kutali ndi banja lake, anaona zithunzi za nyumba yokonzedwayo pafoni. Tsopano akuti nyumba yabwino chonchi ikhoza kupeza wochita lendi, amayi ake asamuke azikakhala nawo.

A Dalaivala anavala jekete, ulendo wa kusukulu. Anapeza aphunzitsi oyang'anira kalabuyo akuchonga makope, n'kuwauza kuti ana masiku ano sakuwerenga, ntchito kukwera madenga a eni. Mayeso akadzafika adzalemba za misomali? Aphunzitsiwo anamvetsera akugwedeza mutu mwachifundo. M'mene anaonera iwo, apa panali mkulu wosungulumwa amene wakhumudwa kuti anzake athandizidwa, iye wadumphidwa. Anapepesa kwambiri, n'kuwaperekeza mpaka panja.

Lachisanu kalabu yonse inatulukira pakhomo pa a Dalaivala, ndowa ndi matsache m'manja.

Anakana, anakalipa, anati nyumba yawo ilibe chovuta. Wapampando anangosuzumira m'chipinda chochezera, n'kuona matayala akale, mabatire akufa ndi malaya atapachikidwa pamsomali uliwonse. Analamula kuti zonse zituluke. Fumbi litayamba kufuka, anati agogo asapume zimenezi, angadwale chifuwa. A Dalaivala anakakamira pampando wawo, nati pano sachoka munthu. Anyamata awiri a mpira anayang'anana, wina anagwira uku wina uku, n'kuwanyamula ndi mpando womwe. Anadutsa nawo pamsewu, ana a m'makomo akuthamangira pambuyo, mpaka kukawatula pakhonde pa a Telala.

A Telala anawayang'ana pamwamba pa magalasi.

"Lero mwabwera pabasi, bambo?"

A Dalaivala manja anawasowera poika. Anawaika pamaondo, anawapinda, anawalowetsa m'matumba. Maso ankasakasaka chilichonse chothyoka, koma ana aja anali atamaliza zonse. A Telala anapitiriza kusoka mpendero wa diresi, kenako ananena ngati akunena za nyengo kuti mwana wawo akufuna yankho mawa.

"Musapite, mayi."

"Chifukwa?"

A Dalaivala anati ulendowo ndi wautali, ndipo msewu wake ali kuudziwa, uli ndi maenje. A Telala anati maenje saluma. Iwo anati mvula ikayamba denga likhoza kudontha. A Telala anati likadontha lidzadonthera wa lendi. Iwo anati kumeneko makasitomala adzawapeza kuti? A Telala anaimitsa makina.

"Bambo, ndatsala ndi mpendero umodzi. Ndikaumaliza ndilowa m'nyumba kukalongedza. Ngati muli ndi mawu, nenani. Ine ndakalamba, nthawi yomasulira miyambi ndilibe."

Makina anayambanso kulira. A Dalaivala ankaona nsalu ikuyenda, ikutha. Munthu amene anayendetsa basi yodzaza pamitsetse mabuleki atafooka, apa thukuta linali kamukamu. Nsalu itatsala pang'ono anakuwa kuposa makinawo.

"Ndikufuna tizikhala limodzi! Ndikukufunsirani!"

Mawu a madalaivala sadziwa kunong'ona. Kutsidya kwa msewu matsache onse anaima. Mnyamata amene ananyamula batire anangouma nalo m'manja. Anamveka Wapampando akukalipira anzake kuti zimenezo si za kalabu, aliyense ayang'ane ntchito yake, koma iye mwini khosi linali litatalika kupitirira mpanda.

A Telala anadula ulusi ndi mano, anapinda diresi bwinobwino, kenako anati amva, ndipo n'zotheka. Koma kwa a Dalaivala sasamukirako, fungo la oyilo limawadwalitsa mutu. Chachiwiri, mwana wawo amuuze okha a Dalaivala, chifukwa iwo sangayambe kuchita manyazi pamaso pa mwana wobereka okha. Anatulutsa foni m'thumba la epuloni n'kuwapatsa.

Foni yake inali yopanda mabatani. A Dalaivala anaisisita, anaitembenuza, inayamba kuimba nyimbo. Mapeto ake anaitana Wapampando yemweyo. Mtsikanayo anabwera akudzipukuta m'manja, anadina kawiri, n'kuwaikira pakhutu. Anawakumbutsanso kuti alankhule mwachidule, mayunitsi ndi odula.

Mwachidule? Anayamba ndi moni, anafunsa za ana, za bambo a kunyumba, za mtengo wa mafuta kumeneko. Akuyamba kufotokoza njira yachidule yopitira kumeneko, a Telala anawatsina pamkono, ndipo nkhani inatuluka. Mwanayo anaseka mpaka kutsokomola, nati iye anadziwa kale, ankangofuna kuti amayi ake asamakhale okha. Anapempha kuti wina akawathokozere ana a sukuluwo. A Dalaivala anati zimenezo aona.

Tsono inu ana a sukulu, kuthandiza pitirizani, manja anu ndi abwino. Koma mukafika pakhomo pa munthu, yambani mwafunsa, chifukwa si chilichonse chothyoka chimene mwini wake akufuna kuti chikonzedwe. Nanunso azibambo, pakamwa munapatsidwa. Lankhulani mukadali oyenda ndi miyendo yanu, musadikire kuti ana a eni akunyamuleni.